Masewero atatu pa ulendo umodzi: mafunso ndi mayankho pa ulendo wa timu ya kiriketi ya India ku Australia, 2020 mpaka 2021

Amene angoyamba kumene kutsata kiriketi amasokonezeka akamva kuti timu yagonja sabata ino, yapambana sabata yamawa, yasintha zovala, yasinthanso kaputeni, koma mwezi wachiwiri ukutha idakali m'dziko lomwelo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri. Tawayankha potsata ulendo umodzi, wa India ku Australia kuyambira Novembala 2020 kufika Januwale 2021, chifukwa pafupifupi chilichonse chimene chingagwere timu ili koyenda chinawagwera anthu amenewa.

Akamati timu ili pa ulendo wa masewero osiyanasiyana amatanthauza chiyani?

Amatanthauza kuti timu ya dziko lina yapita kwa anzawo kukakhala milungu ingapo, n'kusewera nawo mitundu iwiri kapena itatu ya kiriketi motsatizana: Test, ODI ndi T20. Mtundu uliwonse umakhala ndi mndandanda wakewake wa masewero ndi chikho chakechake. India inasewera ma ODI 3, ma T20 3 ndi ma Test 4, kuyambira pa 27 Novembala 2020 mpaka pa 19 Januwale 2021.

Mwambowu ndi wakale kuyambira nthawi ya sitima zapamadzi. Munthu wayenda panyanja milungu ingapo sangasewere kamodzi n'kubwerera. Timu ya Australia ya Don Bradman itapita ku England mu 1948 inasewera masewero 34, mwa iwo ma Test 5 okha, ndipo sinagonje ngakhale kamodzi. Masiku ano kuli ndege, ulendo unafupika, koma khalidwe lokhalitsa kwa eni ake linatsala.

Mitundu itatuyi imasiyana bwanji? Si kiriketi yomweyo?

Malamulo a maziko ndi amodzi: osewera 11 mbali iliyonse, wina aponya, wina amenya, ova imodzi ndi mipira 6. Koma nthawi imene mwapatsidwa imasintha zonse.

Test ndi kholo la enawo. Yoyamba inaseweredwa ku Melbourne mu 1877. Imatenga masiku osapitirira 5, tsiku lililonse maova 90 ngati nyengo ilola, timu iliyonse imamenya kawiri, onse avala zoyera, mpira ndi wofiira. Woponya alibe malire a maova, angathe kuponya mpaka miyendo itakana. Womenya sathamangira kanthu. Mpira umene sakuukhulupirira amangousiya udutse, ndipo kuusiya bwino ndi luso limene anthu amaliombera m'manja.

ODI inabadwa mwangozi. Mu Januwale 1971 mvula inawononga Test ya Australia ndi England ku Melbourne, ndiye pofuna kupepesa ochemerera anakonza masewero a tsiku limodzi. Lero timu iliyonse imapatsidwa maova 50, woponya mmodzi sapitirira 10, mpira ndi woyera, zovala ndi zamitundu.

T20 ndiye mwana wamng'ono. Ya amuna pakati pa mayiko inayamba mu 2005 ku Auckland, pamene New Zealand inakumana ndi Australia. Maova 20 mbali iliyonse, woponya sapitirira 4, ndipo pakatha maola atatu ndi pang'ono anthu akupita kwawo. Apa womenya amene wasiya mipira itatu osaikhudza walakwira anzake.

Kuti muone kusiyana kwake, tengani Steve Smith, womenya wa Australia. Mu ma ODI awiri oyamba ku Sydney anafika marani (zigoli za mu kiriketi) 100 ndi mipira 62 yokha, kawiri konse. Patangopita milungu itatu, mu ma Test awiri oyamba, munthu yemweyo anapeza 1, 1 osatulutsidwa, 0 ndi 8. Manja ake anali omwewo. Chinasintha ndi mpira, malo amene otchinga anaima, ndiponso kuti Ravichandran Ashwin, woponya wa India, tsopano anali ndi tsiku lonse lomutchera msampha.

Ndani amakonza kuti timu iyi ipite kwa iyi, nanga ndalama amadya ndani?

Mabungwe a kiriketi a mayiko awiriwo amagwirizana okha, ndipo bungwe la dziko lonse la ICC limasonkhanitsa mapanganowo mu ndondomeko ya zaka zingapo yotchedwa Future Tours Programme. Pa ulendo uwu anali a BCCI a ku India ndi a Cricket Australia. Eni bwalo ndi amene amasankha mizinda ndi masiku, ngakhale alendo amphamvu amakhala ndi mawu.

Ndalama za pa TV ndi za pakhomo zimapita kwa eni bwalo. Alendo amadzadya zawo ikadzafika nthawi yawo yolandira. N'chifukwa chake dziko lililonse limalakalaka kulandira India, poti makampani a TV amalipira kwambiri kuti aonetse masewerowo kwa anthu a ku India. Manyuzipepala a ku Australia ankati ulendo umenewu unali wa ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni a ku Australia, ndipo m'chaka cha mliri wa Covid-19 a Cricket Australia sakanalola kuti ulephereke.

Zotsatira zake zinali zotani?

Ma ODI anapita kwa Australia 2-1. Anaunjika marani 374 kenako 389 ku Sydney, India n'kudzapepesa mtima ku Canberra popambana ndi marani 13. Ma T20 anapita kwa India 2-1. Ma Test anapitanso kwa India 2-1: kugonja ku Adelaide, kupambana ku Melbourne, draw (osapezeka wopambana) ku Sydney, kupambana ku Brisbane.

Kodi osewera omwewo amasewera mitundu yonse itatu?

Ochepa okha. Bungwe limatchula magulu atatu, ndipo anthu amalowa ndi kutuluka m'hotela ulendo uli mkati. Hardik Pandya anamenya 92 osatulutsidwa mu ODI ya ku Canberra, anasankhidwa wosewera bwino koposa mu ma T20, kenako anakwera ndege kubwerera kwawo ma Test asanayambe. Cheteshwar Pujara anali kumeneko nthawi yonse ya masewero a mpira woyera koma sanavaleko yunifomu yabuluu; ntchito yake inali kudikira mpira wofiira. Australia inali ndi makaputeni awiri, Aaron Finch wa mpira woyera ndi Tim Paine wa ma Test.

Amene amasewera yonse, ngati Virat Kohli, Jasprit Bumrah kapena Pat Cummins, ndi amene thupi lawo limalipira. N'chifukwa chake mumamva kuti wakutiwakuti "wapumitsidwa". Cummins anachotsedwa ma ODI awiri atatha kuti asunge mphamvu, ndipo mu ma Test anatulutsa anthu 21, kuposa wina aliyense. David Warner analibe mwayi wotero: anavulala m'mphechepeche pothamangitsa mpira mu ODI yachiwiri, n'kujomba ma Test awiri oyamba. Kuvulala kwa mu mtundu umodzi kumakalipitsa mtundu wina, ndipo limeneli ndi vuto limene makochi amagona nalo usiku.

Palinso gulu limene silitchulidwa kwambiri, oponya a m'maneti. Awa amatengedwa kuti azikaponyera anzawo pophunzira basi. Thangarasu Natarajan poyamba anasankhidwa ngati mmodzi wa iwo. Varun Chakravarthy atavulala anamuika mu gulu la T20. Kenako anamuonjezera ku ODI. Umesh Yadav atavulala anamulowetsanso mu gulu la Test. Anayamba ODI pa 2 Disembala, T20 pa 4 Disembala, Test pa 15 Januwale: m'masiku 44 anakhala Mmwenye woyamba kuyamba mitundu yonse itatu pa ulendo umodzi. Mwana wake wamkazi anabadwa iye ali ku IPL, mpikisano wa T20 wa makalabu a ku India umene chaka chimenecho unachitikira ku United Arab Emirates, ndipo anakamuona koyamba ulendo wa ku Australia utatha.

N'chifukwa chiyani kupambana koyenda kuli kovuta chonchi? Bwalo si bwalo?

Mu kiriketi bwalo si bwalo ayi. Mpira usanafike kwa womenya umayamba wagunda pansi, pa kamzere ka dothi kotalika mamita 20 ndi pang'ono kotchedwa pichi, ndipo dothi limenelo limasiyana dziko ndi dziko. Ku India pichi zambiri n'zouma, zimafumbutuka masiku akamapita, mpira umabwera motsika n'kumapotoka, choncho oponya mozunguza ndiwo mafumu. Ku Australia dothi ndi lolimba, mpira umanjanja mpaka pachifuwa ndi pakhosi. Womenya amene wakulira ku Mumbai kapena ku Chennai miyendo yake inazolowera kupita kutsogolo kukakumana ndi mpira. Ku Brisbane kapena ku Perth mpira womwewo umadumpha kuposa mmene amayembekezera, n'kukhudza m'mphepete mwa beti, n'kugwera m'manja mwa anthu anayi amene angoima kumbuyo kudikira zimenezo.

Mpira nawonso si umodzi. Ma Test a ku India amasewera ndi SG, a ku England ndi ku West Indies ndi Dukes, a ku Australia ndi Kookaburra. Dukes uli ndi msoko wotukuka wosokedwa pamanja ndipo umakhota m'malere nthawi yaitali. Kookaburra umaluma maova oyambirira, kenako msoko umaphwa, mpira n'kufewa, ndipo watsopano suloledwa mpaka maova 80 atakwana. Woponya wachilendo amene sanaphunzire chochita ndi mpira wofewawo padzuwa la masana amavutika mpaka kulakalaka kwawo.

Onjezani ochemerera a eni bwalo, maulendo ataliatali pakati pa mizinda ndi kugona m'hotela miyezi iwiri. India inayamba kupita ku Australia mu 1947, koma inapambana mndandanda wa ma Test kumeneko koyamba mu 2018-19, patapita zaka zoposa 70. Ngakhale pamenepo ena ankanyoza kuti Smith ndi Warner kunalibe, poti anali pa chilango cha nkhani yopala mpira ku Cape Town. Mu 2020 chonamizira chimenecho panalibe.

Masewero oyeserera ndi a chiyani?

Ndi oti thupi lizolowere dothi ndi mpira zisanafike zenizeni. Sawerengedwa ngati masewero a dziko. India inasewera awiri a masiku atatu ndi Australia A, timu yachiwiri ya dzikolo. Oyamba, ku Drummoyne Oval, anachitika masiku omwewo amene ma T20 ankaseweredwa, moti timu inagawika pawiri mu mzinda umodzi wa Sydney, ena atavala zoyera, ena zabuluu. Achiwiri anali ku Sydney Cricket Ground ndi mpira wapinki, pokonzekera Adelaide. Kale masewero otere ankakhala ochuluka. Masiku ano ndondomeko ikathina ndiwo amayamba kudulidwa, kenako anthu n'kumadabwa kuti alendo agwa bwanji pa Test yoyamba.

Zoti India inatha yonse ndi marani 36 n'zoona? Zinatheka bwanji?

N'zoona, ndipo ndi marani ochepetsetsa amene India yapezapo mu Test. Zinachitika pa 19 Disembala 2020 ku Adelaide Oval, tsiku lachitatu la Test ya usana ndi usiku. Ma Test otere amagwiritsa mpira wapinki chifukwa wofiira suoneka bwino pamagetsi. Oyamba anachitikira pa bwalo lomwelo mu 2015.

Chowawa n'chakuti India inali patsogolo. Inapeza 244, Australia 191, kusiyana kwa marani 53. Anthu ankaopa chisisira, nthawi imene mpira wapinki umachita misala, koma tsokalo linagwa masana dzuwa likuswa mtengo. Josh Hazlewood ndi Pat Cummins ankangogwetsa mpira pamalo amodzi, pafupi kwambiri moti sungausiye, patali pang'ono moti sungaufike bwino. Tsiku lina mipira yotere imadutsa osakhudza beti, womenya n'kupuma. Tsiku limenelo uliwonse unkakhudza m'mphepete n'kugwidwa. Hazlewood anatulutsa 5 ndi marani 8 okha, Cummins 4 ndi 21. Palibe anafika 10. Wapamwamba anali Mayank Agarwal ndi 9. Womaliza, Mohammed Shami, sanatulutsidwe n'komwe. Mpira wa Cummins unamuthyola mkono, anatuluka m'bwalo atagwira dzanja, ndipo ulendo wake unathera pomwepo. Australia inapambana ndi mawiketi 8, kutanthauza kuti inakwanitsa marani ofunikawo omenya ake awiri okha atatulutsidwa.

Kaputeni angachoke bwanji timu itangogonja chonchi?

Kohli sanathawe. Anapempha ulendo usanayambe kuti Test yoyamba ikatha abwerere kukakhala ndi mkazi wake amene ankayembekezera mwana wawo woyamba, ndipo a BCCI anavomera. Zinangokumana ndi 36.

Udindo unatsalira wachiwiri wake, Ajinkya Rahane, munthu wofatsa wosayankhulayankhula. Iyeyu ndi amene ku Adelaide anaitana Kohli kuti athamange kenako n'kusintha maganizo, Kohli n'kutulutsidwa ali pa 74. Ndiye anthu ambiri sankamuyembekezera zambiri. Ku Melbourne, pa Test imene imayamba pa 26 Disembala chaka ndi chaka, anapatsa Ashwin mpira m'ola loyamba lenileni, nthawi imene makaputeni ambiri amasungira oponya mwaliwiro. Anaika munthu kumbuyo kwa miyendo ya Smith, ndipo Smith anamupatsira mpira m'manja asanapeze rani. Australia inatha ndi 195. Rahane mwiniwake anamenya 112, ndipo India inapambana ndi mawiketi 8, chimodzimodzi mmene inagonjera sabata yapitayo. Shubman Gill ndi Mohammed Siraj anayamba Test pa masewero amenewa.

Asewera masiku asanu osapezeka wopambana? Ndiye kutaya nthawi kumeneko?

Funso ili limabwera nthawi zonse, ndipo yankho lake labwino ndi tsiku la 11 Januwale 2021 ku Sydney.

Mu Test, kuti upambane sikokwanira kukhala ndi marani ambiri. Uyenera kutulutsa anzako onse 10 mu gawo lomaliza nthawi isanathe. Akakana kutuluka mpaka ova yomaliza ya tsiku lachisanu, ndi draw. Draw si kufanana marani. Kufanana marani kuli ndi dzina lake, tie, ndipo kwachitika kawiri kokha m'mbiri yonse ya ma Test a amuna.

India inkafunika 407. Rishabh Pant, chigongono chikumuwawa, anamenya 97 mwachiwawa moti kwa kanthawi zinkaoneka ngati angathe kupambana. Atatuluka iye kenako Pujara pa 77, panatsala Hanuma Vihari ndi Ashwin, maova oposa 40 akadalipo. Vihari anali atang'amba mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu, kuthamanga kosatheka, ndipo lamulo lolola mnzako kukuthamangira linachotsedwa mu 2011. Ashwin msana unali utauma. Mkazi wake analemba pa Twitter kuti m'mawa umenewo ankalephera kuwerama kuti amange zingwe za nsapato. Wotsatira anali Ravindra Jadeja, chala chachikulu chitathyoka. Makamera anamuonetsa atakhala m'chipinda cha osewera atavala kale zotchinga miyendo, Navdeep Saini akumusendera nthochi chifukwa iye sakanatha.

Awiriwo anagawana ntchito. Ashwin ankalimbana kwambiri ndi Nathan Lyon, woponya mozunguza wa Australia, Vihari n'kumaima kwa oponya mwaliwiro, poti kutambasula mwendo kunali kosatheka kwa iye. Mipira inamumenya Ashwin m'nthiti ndi m'mapewa. Vihari anathera 23 pa mipira 161, Ashwin 39 pa 128. Mu T20 manambala amenewo akanakuchotsetsa ntchito. Apa anapulumutsa mndandanda wonse. Paine, amene anagwetsa mipira itatu tsikulo, anamveka pa maikolofoni ya pa timitengo akuuza Ashwin kuti akulakalaka akakumane ku Gabba, bwalo la ku Brisbane, ndipo mawa lake anapepesa chifukwa cha khalidwe lake. Tsiku lomwelo ku India mwana wa Kohli anabadwa.

Ngati mukuona kuti masiku asanu ndi ambiri, dziwani kuti kale kunali ma Test opanda malire. Ku Durban mu 1939, England ndi South Africa anasewera mpaka tsiku lakhumi, England ili pa 654 pofuna 696. Analekeza kutangotsala marani 42 chifukwa alendo anayenera kukwera sitima yapamtunda kupita ku Cape Town kukapeza sitima yapamadzi yobwerera kwawo.

Wosewera akavulala masewero ali mkati, amalowetsa wina?

Pa ulendo umenewu lamulo linali lakale lomwe: wolowa m'malo amangothandiza kutchinga, samenya ndipo saponya. Ukataya woponya tsiku loyamba, otsalawo amasenza katundu wake masiku anayi.

Chosiyana ndi kumenyedwa m'mutu. Kuyambira 2019 amaloleza wina wa ntchito yofanana kulowa n'kusewera mokwanira. Woyamba anali Marnus Labuschagne, amene analowa m'malo mwa Smith pa bwalo la Lord's ku London, Smith atamenyedwa ndi mpira wa Jofra Archer. Lamuloli linabweretsa phokoso pa T20 yoyamba ku Canberra. Jadeja anamenya 44 pa mipira 23, mpira wa Mitchell Starc unamukhudza chipewa mu ova yomaliza, komanso ankatsimphina ndi ntchafu. Pa nthawi yopuma India inalowetsa Yuzvendra Chahal m'malo mwake. Kochi wa Australia Justin Langer anaoneka akukangana ndi woyang'anira masewero David Boon. Chahal, amene sanali n'komwe pa mndandanda wa 11, anatulutsa anthu 3 n'kusankhidwa wosewera bwino pa tsikulo. Mwalamulo zinali bwino. Kunena chilungamo, ife tikanakhala a Australia tikanadandaulanso.

N'chifukwa chiyani anthu amakamba kwambiri za Brisbane?

Chifukwa Australia inali isanagonjeko Test pa bwalo la Gabba kuyambira 1988, pamene West Indies inawathyola, ndiponso chifukwa cha anthu amene India inatsala nawo.

Werengani amene kunalibe: Kohli, Shami, Umesh Yadav amene katumba anamukoka ku Melbourne, KL Rahul amene anavulala dzanja pophunzira, Jadeja, Vihari, Ashwin, ndi Bumrah amene anadzipweteka mnofu wa pamimba. Ishant Sharma sanabwere n'komwe. Mkulu wa oponya anali Siraj, pa Test yake yachitatu. Shardul Thakur ndi Saini anali pa yachiwiri. Natarajan ndi Washington Sundar anali kuyamba kumene. Sundar anabwera chifukwa cha ma T20, anangomutsalitsa kuti aziponya m'maneti, ndipo anali asanasewere masewero akuluakulu a mpira wofiira kuyambira 2017. Mu ma Test anayiwo India inagwiritsa osewera 20.

Australia inayamba ndi 369. India itafika 186 anthu 6 atatuluka, aliyense ankati zatha. Sundar ndi Thakur, anthu amene anawatengera kuponya, anaonjezera 123 awiriwiri, wina 62 wina 67. Mu gawo lachiwiri Siraj anatulutsa 5 ndi marani 73. India inkafunika 328, ndipo draw yokha inali yokwanira kuti asunge chikho, poti anali nacho kale.

Tsiku lomaliza linaonetsa mitundu itatu ya kiriketi mu timu imodzi. Pujara anasewera Test yeniyeni, marani 56 pa mipira 211, akulola mpira umumenye pachipewa, m'nthiti ndi pazala m'malo moika beti pangozi. Gill, wa zaka 21, anamenya 91 mwaufulu ngati ali mu ODI. Kenako Pant, mu ola lomaliza, anatulutsa zida za T20, kugwa chagada uku akukolopa mpira kupita kumalire, Sundar naye n'kumenya mpira wa Cummins kuuluka kunja kwa malire, marani 6. Popanda Pujara kutopetsa oponya, Pant sakanapeza miyendo yolemera ija. Popanda Pant, kupirira kwa Pujara kukanangobala draw ina. Pant anamaliza ndi 89 osatulutsidwa, India n'kupambana ndi mawiketi 3 kutatsala maova 3. Pa mwambo wopereka chikho Rahane anapatsa Lyon malaya osainidwa ndi timu yonse, poti imeneyo inali Test yake ya 100.

Ndiye amene wapambana ulendo wonse amadziwika bwanji?

Kwa amuna palibe chikho cha ulendo wonse. Mndandanda uliwonse umaima pawokha. Ma Test a India ndi Australia amalimbirana Border-Gavaskar Trophy, chikho chimene chinayamba mu 1996 polemekeza Allan Border ndi Sunil Gavaskar. Ngati mndandanda watha mofanana, amene anali nacho amachisunga.

Koma m'mitima ya anthu ma Test ndiwo amagamula. Funsani aliyense za ulendo umenewu, akuuzani 36 ndi Gabba. Ndi ochepa amakumbukira kuti Australia inatenga ma ODI.

Amayi anapeza njira ina. Kuyambira 2013, Ashes ya amayi pakati pa England ndi Australia imaphatikiza mitundu yonse pa tebulo limodzi la mapointi: masiku ano Test ndi mapointi 4, ODI ndi T20 iliyonse mapointi 2. Mu 2023 anathera 8-8 ndipo Australia inasunga chikho. Mu 2025 Australia inasesa 16-0. Amuna anayesako ku England mu 2016 koma sizinagwire. Ife tikuona kuti njira ya amayi ndi yanzeru, chifukwa palibe masewero amene amasanduka ongotsiriza mwambo.

Palinso World Test Championship, imene imasonkhanitsa mapointi a ma Test a zaka ziwiri. Apa kanthu kakang'ono kanaluma Australia. Ku Melbourne anachedwa ndi maova awiri pa nthawi yoikika, anawalanda mapointi 4, ndipo pamapeto pake mapointi amenewo ndi amene anawamanitsa fainolo. M'malo mwawo kunapita New Zealand, imene inagonjetsa India ku Southampton mu Juni 2021.

Mliri wa Covid-19 unasintha chiyani?

Osewera ambiri anachokera ku IPL, imene inatha pa 10 Novembala ku Dubai, n'kulowa m'bindikiro wa masiku 14 ku Sydney, akuloledwa kutuluka kukaphunzira kokha. Ena anakhala otsekeredwa m'mahotela kuyambira Ogasiti mpaka Januwale. Kupaka malovu pa mpira kuti uwale kunaletsedwa. Oyimbira anali a ku Australia okhaokha, pamene nthawi zonse ma Test amayimbidwa ndi anthu a dziko lachitatu. Ku Sydney analoleza gawo limodzi mwa magawo anayi a mipando. Ndiponso m'bindikiro womwewo ndi umene unachititsa kuti kuitanitsa wosewera watsopano kuchokera ku India kukhale kovuta kwambiri, oponya a m'maneti n'kupeza mwayi. Rohit Sharma, amene anabwera mochedwa, anafika pa Test yachitatu.

Amene anamva kuwawa kwenikweni ndi Siraj. Bambo ake, amene ankayendetsa kagalimoto ka matayala atatu ku Hyderabad, anamwalira iye ali m'bindikiro ku Sydney. Anapatsidwa mwayi wobwerera, koma akanapita sakanathanso kulowa mu timu pa nthawi yake, ndipo anasankha kutsala. Ku Sydney anagwetsa misozi nyimbo ya fuko ikuimbidwa. Pa Test yomweyo anadandaula kwa oyimbira kuti ena m'gulu la oonerera akumunyoza chifukwa cha mtundu wake, masewero anaima kwa mphindi zingapo, ndipo apolisi anatulutsa anthu 6. Anamaliza ndi mawiketi 13, ochuluka kuposa mnzake aliyense wa India. Atatera ku Hyderabad anachoka pa bwalo la ndege kulunjika kumanda.

Maulendo a mitundu yonse itatu adakalipo?

Alipo, koma akuchepa. Mipikisano ya T20 ya makalabu yadya masiku ambiri pa kalendala, choncho mabungwe ayamba kuduladula: ma Test chaka chino, mpira woyera ulendo wina. India itabwereranso ku Australia mu 2024-25 inasewera ma Test 5 okha, ndipo Australia inalanda chikho 3-1.

Mayiko amene ali ndi osewera ambiri amatumiza matimu awiri nthawi imodzi. Mu Julayi 2021 timu ina ya India inali ku England kukonzekera ma Test pamene ina, motsogozedwa ndi Shikhar Dhawan, inkasewera ma ODI ndi ma T20 ku Sri Lanka. Amene alibe anthu okwanira zimawavuta. Mu Febuluwale 2024 South Africa inasunga akatswiri ake kunyumba chifukwa cha mpikisano wa SA20, n'kutumiza ku New Zealand timu ya achilendo, kaputeni wake Neil Brand ali munthu amene anali asanasewereko Test. Anagonja masewero onse awiri.